Ada Anandiphunzitsa Kusambira ku Kande

Anthu akamatama gombe la ku Kande, ati mchenga wake woyera, ati madzi ake oti ukagwetsamo singano uiona pansi, ine ndimangovomera kuti zoona, kenako n'kusintha nkhani. Kukongola n'kokongoladi, sindikutsutsa. Koma ine ndinapitako ngati mlendo wa milungu ingapo, nditanyamula kadiresi kamodzi kosinthira, ndipo ulendo umenewo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwawa.

Ndinabadwira ku Halale. Mayi anga anali a ku Dedza, n'chifukwa chake lilime langa ndi la Chichewa. Bambo anga anali Mtonga wa ku Kande, ndipo mawu oti bambo sankawafuna, ankati ndiziwatchula Ada monga amachitira kwawo. Ankaphikira mzungu wina, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya bwanayo, moyandikana ndi khola la nkhuku. Mayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nkhondo yachiwiri ija itatha kale. Anadwala chifuwa miyezi yochepa chabe. Tinatsala awiri, ine ndi Ada, ndipo sindinafunenso munthu wina aliyense padziko.

Tsiku lina chakumapeto kwa chaka Ada anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kundiuza kuti awapatsa tchuthi. "Tikupita kwathu," anatero. "Ukaone nyanja, ukaonenso masewera a Nyuwere." Masewera amenewo ndinali nditawamva mpaka makutu kutopa. Ada akayamba kukamba za kwawo, mpunga unkapserera pamoto. Ankati m'mbali monse mwa nyanja palibe gombe lodziwika pa masewera a m'madzi ngati la Kande, kuti tsiku loyamba la chaka anthu amachokera kutali kudzapikisana kupalasa mabwato, kusambira ndi kubira, ndiponso kuti iwo ali mnyamata palibe ankawaposa. Mayi ankawaseka kuti Mtonga akapanda kudzitama ndiye kuti wadwala. Ine ndinkakhulupirira zonse.

Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka, kenako sitima ya pamadzi, mmene ndinasanza mpaka kusowa chosanza. Sitimayo inaima patali ndi gombe la Chintheche, ndipo anatitsitsira m'boti laling'ono limene linatifikitsa kumtunda. Kuchokera apo tinayenda pansi, Ada atasenza sutikesi, ine ndikudandaula njira yonse.

Titafika ku Kande ndinakhumudwa. Ndinkayembekeza phokoso, ng'oma, anthu piringupiringu. Ndinapeza mchenga wautali wopanda munthu, mabwato atagona pamtunda, maukonde atayanikidwa, ndi fungo la chinangwa chovikidwa limene linandilowa m'mphuno n'kukhala momwemo sabata yathunthu. Kunali zii, kumangomveka mafunde ang'onoang'ono ndi nkhwazi.

"Ada, kodi ndi kuno?" ndinafunsa.

"Dikira Nyuwere," anayankha, uku akuvula nsapato pakati pa njira ngati mwana.

Tinafikira kwa mlongo wawo wamkulu, azakhali anga, amene anandiuza kuti ndiziwatchula Ankhazi. Anali mayi wamtali, wamasiye, wosaphonya tchalitchi, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa. Anakumbatira Ada n'kulira, kenako n'kuwakalipira chifukwa chokhala zaka zonsezo osabwera. Atatembenukira kwa ine anati m'Chitonga, "Mwe uli?" Ine ndinayankha m'Chichewa kuti ndili bwino kaya inu, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Ankhazi sanaseke. Ananditsina pamkono ngati akuyesa nkhuku pamsika, n'kunena m'Chichewa chawo chokoka kuti, "Kamwana ka m'tauni aka. Kamadziwa madzi?" Ada anati ndidziwa posachedwa.

M'mawa mwake maphunziro anayamba. Dzuwa likangokwera pang'ono, Ada ankanditengera kunyanja, n'kundigoneka chafufumimba pamadzi dzanja lawo lili pamimba panga. Ankati madzi salimbana nawo, ukawamenya nawonso amakumenya. Anandiphunzitsa kutsegula maso pansi pa madzi, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndi kugona chagada ndikatopa. Anandipezera chidutswa cha bwato losweka choti ndizigwira pomenya miyendo. Tsiku lachinayi anachotsa dzanja osandiuza, ndipo ndinayenda ndekha kamtunda ndithu ndisanazindikire. Nditazindikira ndinamira pomwepo, iwo n'kundivuula akuseka mpaka misozi.

Masiku amenewo ndiwo anali okoma kuposa onse pa moyo wanga, ndipo ndikunena izi ndili nkhalamba yoti ndaona maukwati ndi zidzukulu. Ku Halale ndinkadziwa Ada oyenda chowerama, olankhula motsitsa, othamanga belu likalira. M'madzi ndinapeza munthu wina. Ankafuula, ankaimba, ankabira apa n'kukatulukira uko atagwira nkhono m'manja. Chimwalirire mayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho, ndipo ndinkaganiza kuti ndine ndikuwaseketsa.

Patsogolo pa gombelo, kutali ndithu kumene madzi amayamba kuda, panali mwala waukulu woyera ndi zitosi za mbalame. Ada anauloza tsiku lina. "Tsiku limene udzafike pamwala uja n'kubwerako wekha," anatero, "ndidzadziwa kuti ndiwe mwana wa nyanja." Ine wamakani chibadwire, ndinaika mtima wonse pamwalapo. Pasanathe milungu iwiri ndinkafika kupitirira theka, Ada akusambira pambali panga, ndipo ndinkadziwa m'thupi mwanga kuti kwatsala masiku awiri kapena atatu.

Masana ena ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Ankhazi ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba, tikusenda chinangwa chovuulidwa kumene. Awiriwo ankacheza m'Chitonga momasuka, poganiza kuti ine sindikumva kanthu. Sankadziwa kuti Lamlungu lililonse ku Halale anzawo a Ada ankadzaza kanyumba kathu, ndipo ngakhale kulankhula kunkandikanika, kumva ndinkamva bwinobwino.

Mayi uja anafunsa ngati zinali zoona kuti mwanayu akutsala. Ankhazi anati inde, dona, mkazi wa bwana wa Ada, wanena kuti sakufunanso kuona mwana wopanda mayi akuyendayenda pabwalo pake, ndipo Ada alibe kwina komusiya. "Koma ndamuuza mlongo wanga poyera," anapitiriza. "Mwana wosadziwa kusambira ine sindisunga. Ndinasunga kale wa mng'ono wake uja wa ku Joni. Anapita kukatsuka mbale, madzi a m'chiuno okha, anaponda podzama, tinamupeza tsiku lachitatu. Mpaka lero mayi ake amati ndinamupha ndine. Uyu afike pamwala n'kubwerako ine ndikuona ndi maso angawa, ndiye bambo ake akwere sitima. Apo ayi, abwerere naye, akaone okha chochita."

Sindinalire. Ndinapitiriza kusenda chinangwa mpaka ndinadzicheka chala. Ndiye kuti dzanja lija pamimba panga, nyimbo zija, chiseko chija, zonse zinali zokonzekera kunditaya. Ndinakwiya kwambiri moti chakudya cha tsiku limenelo sindinachikhudze. Koma mkwiyo utaphwa ndinaona kuti Ankhazi andipatsa okha njira. Ngati sindifika pamwala, Ada sangandisiye.

M'mawa mwake tinalowa m'madzi monga mwa masiku onse. Titafika pamene mapazi sagunda pansi ndinameza madzi dala, n'kuyamba kukuwa ndi kuphiriphitha, n'kuwakakamira Ada m'khosi. Ananditulutsa, ndinatsokomola pamchenga, n'kunena kuti china chake chandigwira mwendo ndipo ndikuopa. Tsiku lotsatira ndinachita chimodzimodzi, linzake chimodzimodzi. Ndinasanduka katswiri wa bodza. Koma musaganize kuti kunamizira kumira n'kopepuka. Thupi likadziwa kuyandama limayandama lokha, ndipo ndinkachita kulimbana nalo kuti lipite pansi. Ndinkatuluka m'madzi wotopa kuposa masiku amene ndinkasambira zenizeni.

Ana a pamudzi, ena oti sanayambe n'kuvala komwe, ankandizungulira m'madzi ngati usipa n'kumanditcha mwala wa ku Halale. Zinkandipweteka, poti ndinkadziwa kuti theka la iwo nditha kuwasiya m'mbuyo. Ndinkangoluma mano. Ankhazi ankaima pamchenga manja ali m'chiuno, n'kupukusa mutu, n'kubwerera kumunda. Ada ankakanda m'mutu n'kunena kuti, "Palibe kanthu, tiyesanso mawa." Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi.

Sitima imene Ada anayenera kukwera inabwera n'kupita. Tinauona utsi wake kuchokera pagombe, ndipo ine mumtima ndinavina. Ada anayenda ulendo wa ku Chintheche kukaponya kalata yopempha bwana wawo kuti awaonjezere masiku. Atabwera ndinawamva akuuza Ankhazi kuti sitima yotsatira, imene inkabwera Nyuwere ikangodutsa, sangaiphonye, apo ayi ntchito yatha. Ankhazi anayankha kuti mawu awo sanasinthe. Ndinawerenga masiku pa zala, n'kuona kuti ndingopirira pang'ono, tikwera tonse.

Tsiku la Nyuwere ndinavomereza kuti Ada sankanama. Gombe lija la zii linadzaza kuyambira m'mamawa. Anthu anabwera pansi kuchokera ku Bandawe ndi ku Chintheche, ena pa mabwato kuchokera kumpoto, atavala zovala zimene amasunga m'bokosi chaka chonse. Amuna a malipenga anavina atavala zoyera mbee, fumbi la mchenga lili koboo. Azungu awiri a kuboma anabwera ndi mipando yawo ndi ambulera, n'kukhala pambali akufiira ndi dzuwa. Ine ndinavala diresi langa labwino lija, la maluwa achikasu, limene mayi anandisokera asanadwale.

Anayamba ndi mabwato a anthu asanu ndi mmodzi, nkhafi zikugwa pamodzi, opalasa akuimba, azimayi akuthamanga m'mbali mwa madzi kutukwana amuna awo otsalira. Kenako anyamata anapikisana kubira, kutola mbale yoyera imene mkulu wina ankaiponya podzama. Atsikana a msinkhu wanga nawonso anasambira kukazungulira bwato n'kubwerako. Amene anapambana ankasambira ngati galu, mutu uli m'mwamba, ndipo ine ndinakhala pamchenga nsanje ikundidya, ndikudziuza kuti zilibe kanthu, posachedwa ndikhala ndili pa sitima.

Masewera omaliza anali a amuna akuluakulu. Mabwato awiri ankapita kutali, kupitirira mwala uja. M'bwato lililonse munali wopalasa mmodzi, ndi wina woimirira kutsogolo atagwira nsungwi yokulungidwa nsanza kunsonga. Ankakankhana mpaka wina agwe. Anthu anayamba kuitana Ada. "Mchona uja ali kuti? Abwere tione ngati khitchini ya mzungu sinamumalize!" Ada anakana kawiri, mwaulemu wonamizira, kachitatu anali atavula kale malaya. Anandipatsa malayawo kuti ndigwire, n'kunditsinzinira diso.

Woyamba anamugwetsa mosavuta, gombe lonse n'kuphulika. Wachiwiri anali chimunthu chachikulu cha ku Bandawe. Anakankhana nthawi yaitali, kenako bwato la Ada linapendekeka n'kugudubuzika, mimba yake n'kuyang'ana kumwamba. Wopalasa uja anatulukira n'kugwira bwatolo. Ada sanatulukire.

Ndinaimirira. Ndinayang'ana pamadzi paja, palibe. Ndinayang'ana anthu, ndipo m'malo mothamanga anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, onse pamodzi, akuimba kanyimbo. Ndinayang'ana Ankhazi, iwonso ankaomba, akuseka mano onse pamtunda. Chimene aliyense pagombepo ankadziwa kupatula ine n'chakuti ichi chinali chizolowezi cha Ada kuyambira unyamata wawo. Bwato likagudubuzika m'kati mwake mumatsala mpweya, ndipo iwo ankalowetsa mutu m'menemo n'kukhala phee, anthu akuwerenga ndi m'manja, kuti atuluke aliyense atatopa. M'nkhani zawo zonse za ku Halale, ichi chokha anaiwala kundiuza.

Ine ndinangoona anthu opanda chisoni akuombera m'manja imfa ya bambo anga. Ndinali nditaika kale mayi m'manda chaka chimene chinali chitangothacho. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinataya malaya aja, n'kuthamangira m'madzi ndi diresi lomwe.

Ndinasambira monga anandiphunzitsira, nkhope m'madzi, mpweya pang'onopang'ono, osalimbana nawo. Diresi linkandikulunga m'miyendo koma sindinaime. Mwala uja ndinaudutsa osauyang'ana n'komwe. Nditafika pabwato, wopalasa uja anandilankhula zinazake akuseka, ine osamva. Ndinakoka mpweya n'kubira. Pansi pa bwato ndinaona miyendo ya Ada ikulendewera, ikugwedezeka mwaulesi. Ndinagwira umodzi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Dzanja linatsika, linandigwira m'khwapa n'kundikwezera m'mwamba, ndipo mutu wanga unatulukira m'kati mwa bwato.

Munali kamdima kobiriwira, monunkha nsomba ndi mtengo wonyowa. Mitu yathu iwiri inayang'anizana, madzi ali m'zibwano. Phokoso la kunja linkamveka ngati lochokera kumudzi wina.

"Iwe," anatero Ada. "Iwe, wachitiranji?"

"Ndimayesa mwafa," ndinatero, ndikulira ndi kupuma nthawi imodzi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akondwa, kapena andikalipira chifukwa cha bodza la milungu yonse ija. Nkhope yawo inangogwa.

"Ndinkadziwa kuti ukunama," anatero. "Kuyambira tsiku loyamba. Munthu womira sakuwa bwino choncho, mwana wanga, alibe mpweya wokuwira."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndimati tiwanamize tonse awiri mpaka sitima ibwere. Ndikanati mlongo wanga wakana, ndilibe chochita. Ndikanakutenga, tikanakaona komweko." Anapukuta kumaso ndi dzanja lonyowa. "Ukanangodikira pang'ono. Ndinatsala pang'ono kutuluka."

Apa mpamene ndinamva nthungululu. Zinkalowa m'bwatomo kudzera m'mtengo, zosalekeza, gombe lonse. Ndinadziwa kuti akuimbira ine.

"Ada, tiyeni tingokhala muno," ndinatero.

Anaseka, koma chiseko chake sindifuna kuchimvanso. Tinakhalamo kanthawi ndithu, chipumi changa chili pa chawo, mpaka mpweya unayamba kutentha ndi kulemera. Kenako anati, "Koka mpweya," ndipo tinatuluka.

Pobwerera ndinayesa kuyambiranso zanga zija, kuphiriphitha ndi kumeza madzi. Ada anangoti motsitsa, "Basi, aona kale." Tinasambira moyandikana mpaka kumtunda. Ankhazi analowa m'madzi mpaka m'mawondo ndi zovala zawo za tchalitchi, anandifunditsa nsalu yawo, n'kundikweza dzanja kuti anthu onse aone. Ankafuula kuti magazi ndi magazi, madzi saiwala khwawa, mwana wa mlongo wawo wadutsa mwala ndi diresi. Azimayi ankandigwira masaya, ana aja ankanditcha mwala ankandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Sindinaonepo anthu ambiri chotero akukondwera nane, ndipo sindinakhalepo wosweka mtima ngati tsiku limenelo.

Masiku otsalawo ndinachonderera. Ndinalonjeza kuti ndizibisala m'kanyumba dona asandione, kuti sindidzadya zambiri, kuti ndizichapa ndi kusita. Ada ankangoyang'ana pansi. Tsiku lina anati, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Ndinawayankha mwamwano kuti ine sindine ng'ona, ndipo ngati akufuna kunditaya anene bwinobwino asabisale m'miyambi. Ankhazi anafuna kundimenya, Ada anawaletsa.

Ndadzifunsa zaka zambiri chifukwa chimene sananditengere basi, mwala kapena popanda mwala. Yankho ndilakuti anali munthu wamantha. Ankaopa dona, ankaopa kutha kwa ntchito, ankaopa abale awo amene anapangana nawo pamaso pa anthu zoti andisiye, ankaopanso kuti mtsikana wokulira kuseri kwa khitchini sadzakhala munthu. Ankafuna wina awakakamize kuchita chimene mtima wawo unkafuna, ndipo bodza langa ndilo linali kuwakakamiza. Pali zaka zimene ndawakhululukira ndi zaka zimene ndawakwiyiranso. Za Ankhazi sindinganene choipa. Anandilera ngati wobala okha, ananditumiza kusukulu ku Bandawe, ndipo atakalamba ndinawasunga ndine. Makalata a Ada anabwera zaka zitatu, kenako anasiya, ndipo patapita nthawi munthu wina wobwera kuchokera kumeneko anatiuza kuti anadwala n'kuikidwa komweko. Choncho tsiku la sitima lija ndilo linali lomaliza kuwaona.

Tinawaperekeza ku Chintheche m'mawa, ine ndi Ankhazi. Sitima inaima patali monga mwa nthawi zonse, ndipo boti linabwera kudzatenga anthu. Ada anagwirana chanza ndi mlongo wawo n'kuwathokoza m'Chitonga kuti, "Tawonga ukongwa," kenako anagwada kuti alankhule nane. Ndinatembenuza nkhope. Ndinkafuna awawidwe. Anandigwira pamutu, anadikira, n'kunyamula sutikesi yawo kukakwera.

Boti litachoka, makani anga anatha nthawi imodzi. Ndinazula dzanja langa m'dzanja la Ankhazi n'kudziponya m'madzi. Botilo linali lodzaza ndi anthu ndi mitolo, opalasa ankapita pang'onopang'ono, ndipo ndinalipeza lisanafike theka la ulendo. Ndinagwira m'mphepete mwake, pomwe panakhala Ada. Anthu anayamba kufuula kuti mwana, mwana, mukwezeni amira. Mayi wina anali atandigwira kale mkono kuti andikokere m'kati.

"Musiyeni," anatero Ada. "Samira. Amadziwa kusambira."

Anawerama, misozi ikugwera pamanja anga, n'kuyamba kumasula zala zanga chimodzichimodzi. Ndikagwira ndi dzanja lina, ankamasulanso limenelo. Sanandikankhe, anangogwira manja anga onse awiri n'kuwaika pamadzi bwinobwino, n'kuwasiya.

"Ukatopa ugone chagada," anatero.

Boti linapita. Ndinayandama pomwepo ndikuwayang'ana, iwo ataimirira akundiyang'ana, mpaka nkhope yawo sinkaonekanso. Ndinafunitsitsa kumira kuti abwerere, ndinayesadi, koma thupi linakana. Ndinatembenuka n'kusambira kubwerera kumtunda ndekha, ndipo palibe amene anaona chifukwa chobwera kudzandithandiza.